Tamales: chakudya cha zikondwerero cha ku Mexico chimene munthu saphika yekha

Mwezi wa Disembala ukangolowa, m'misika ya ku Mexico mumadzaza mitolo ya makoko ouma a chimanga, ndipo makokowo amagulitsidwa ngati katundu wina aliyense. Munthu wokulira kumudzi kwathu kuno, kumene makoko timawasiya m'munda kuti adye ng'ombe kapena chiswe, akhoza kudabwa kuona mayi akutulutsa ndalama kugula zinyalala. Komatu mayiyo amasankha mosamala, amafuna makoko otambalala, osang'ambika ndiponso opanda chuku, chifukwa ndi amene adzakutire chakudya chimene banja lonse likudikira. Chakudyacho dzina lake ndi tamal akakhala mmodzi, akachuluka amati tamales. Ndi ufa wa chimanga wokandidwa ndi mafuta ndi msuzi, wopakidwa pa khoko, pakati pake n'kuikapo nyama ndi tsabola, kenako n'kupinda ndi kuphika ndi nthunzi.

Pongomva choncho zimaoneka ngati zapafupi. Vuto lake ndi lakuti palibe amene amayatsa moto kuti aphike tamales asanu. Ntchito yokonzekera ndi yaitali kwambiri moti imapindula pokhapokha akaphikidwa mazanamazana, ndipo mazana amenewo munthu mmodzi sangawapinde dzuwa lisanalowe. Pachifukwa ichi mabanja ali ndi tsiku lapadera lotchedwa tamalada, limene agogo, ana awo, apongozi ndi zidzukulu amasonkhana kukhitchini kugwira ntchito imodzi, monga mmene dima linkasonkhanitsira anthu m'munda wa mnzawo. Amene akufuna kumvetsa madyerero a mabanja a ku Mexico ayenera kuyang'ana tsiku limeneli kuposa mmene angayang'anire tebulo la pa Khirisimasi, pakuti chikondwerero chachikulu chimachitika chakudya chisanapse.

Nkhaniyi iyambire pa chimanga chenichenicho. Chimanga chimene ife timati ndi moyo kwawo ndi ku Mexico. Alimi akale a m'chigwa cha mtsinje wa Balsas, kum'mwera kwa dzikolo, ndiwo anachisandutsa mbewu kuchokera ku udzu wakutchire wotchedwa teosinte, zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo mpaka lero dzikolo lili ndi mitundu 59 ya chimanga chamakolo, choyera, chachikasu, chofiira ndi chabuluu. Ku Africa chinafika ndi zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Koma anthu a ku Mexico sanangotulukira mbewu yokha. Anatulukiranso njira yoikonzera, imene imatchedwa nixtamal, mawu a chilankhulo cha Nahuatl cha Aaziteki, mtundu wa anthu umene unkalamulira chigawo chapakati cha Mexico kalelo, ophatikiza nextli, kutanthauza phulusa, ndi tamalli, kutanthauza ufa wokanda.

Njirayo ndi iyi. Chimanga chouma, chosakonola, amachiwiritsa m'madzi othira laimu pang'ono, pafupifupi magalamu 10 pa kilogalamu imodzi ya chimanga, ndipo m'madera ena amagwiritsa ntchito phulusa la nkhuni m'malo mwa laimu. Chikawira kwa kanthawi amachiphula n'kuchisiya m'madzi omwewo usiku wonse. M'mawa madzi aja amakhala atasanduka achikasu ndi oterera, khungu la njere litafewa moti limasupuka ukangotikita ndi zikhatho. Akachitsuka kangapo amachipera chikadali chonyowa, ndipo chotuluka pamphero si ufa wouma ayi, koma chinthu chofewa, chogwirana ngati dongo la woumba mbiya, chimene amachitcha masa. Laimu wake ndi wokonzedwera chakudya, osati aliyense amene munthu angatole pamalo omanga nyumba. Mayi wa kwathu amene anachezapo chidulo chophikira therere sangaone chachilendo kwenikweni pamenepa, chifukwa mphamvu ya phulusa yofewetsa zinthu amaidziwa. Kusiyana kwake ndi kwakuti ife chidulo tinachisiyira ndiwo, pomwe iwo anachipereka kwa chimanga.

Zimene laimu amachita m'kati mwa njere ndi zazikulu kuposa kufewetsa. Choyamba, amachititsa kuti ufa uzigwirana, ndipo n'chifukwa chake masa amatheka kuwapapatiza kukhala tortilla, kamkate ka chimanga kopyapyala ngati chapati, osanyenyeka, chinthu chimene mgaiwa kapena ufa woyera sungachite ngakhale utaukanda tsiku lonse. Amawonjezeranso kashiamu m'chakudya, amachepetsa poizoni wobwera ndi chuku, ndipo amapereka fungo lija limene munthu wa ku Mexico amalizindikira ali kutali. Chofunika koposa ndi chakuti amamasula vitamini B3, yemwe m'chimanga alimo koma ali womangika moti thupi silingathe kumutenga.

Chimanga chitawoloka nyanja, nzeru imeneyi inatsala kwawo, ndipo zotsatira zake zinali zowawa. Kulikonse kumene anthu osauka anayamba kudalira chimanga chokhachokha popanda ndiwo zokwanira kunabuka matenda a pelagra, amene amayambitsa zilonda zokhakhala pakhungu lowombedwa ndi dzuwa, kutsegula m'mimba, kusokonezeka mutu, kenako imfa. Dokotala wina wa ku Spain, Gaspar Casal, anawafotokoza mu 1735 atawaona mwa alimi a ku Asturias. Anasautsa kumpoto kwa Italy ndi kum'mwera kwa United States, ndipo zinatenga mpaka 1937 kuti akatswiri atsimikize kuti chosowa m'thupi ndi vitamini ameneyu. Ife a kuno nkhaniyi si ya m'mabuku okha. Mu 1990, pakati pa abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique amene ankakhala m'misasa ya kum'mwera kwa Malawi, anthu oposa 18,000 anadwala pelagra mtedza utasiya kufika m'chakudya chimene ankalandira, n'kutsala ndi ufa ndi tinthu tina tochepa. Nsima ilibe mlandu ikakhala ndi nyemba, mtedza kapena usipa pambali pake, koma ikatsala yokha imaonetsa chimene chinaiwalika pamene mbewu inkakwera chombo.

Tibwerere kukhitchini. Kale kupera nixtamal inali ntchito ya amayi, atagwada pa mphero yamiyendo itatu yotchedwa metate kwa maola ambiri tsiku lililonse. Masiku ano m'mizinda ndi m'midzi muli zigayo zogaya chimanga chonyowa, ndipo Khirisimasi ikayandikira anthu amafola mzere m'bandakucha ndi zidebe zawo. Amene akufuna masa a tamales amauza wachigayo kuti asagaye mosalala kwambiri ngati a tortilla, chifukwa tamal amafuna ufa wa misere pang'ono kuti nthunzi ilowe. Palinso ufa wouma wa m'mapaketi wopangidwa kuchokera ku nixtamal, wodziwika kwambiri ndi wa Maseca, wa kampani imene inayamba mu 1949. Ufawu wapulumutsa anthu ambiri okhala kunja kwa dzikolo, ngakhale kuti agogo ambiri amautenga ngati mmene agogo a kwathu amatengera ufa wogula m'sitolo: amadya, koma sasiya kukumbutsa kuti wokonola okha unkakoma.

Masa akafika kunyumba amafunika mafuta, ndipo pamenepa ndi pamene mbiri ya Asipanishi imalowera mu mphika. Hernán Cortés, mtsogoleri wa asilikali a ku Spain amene anagonjetsa Aaziteki, ndi anthu ake asanafike mu 1519, ku Mexico kunalibe nkhumba, ng'ombe kapena nkhuku. Tamales analipo kale, ndipo wansembe Bernardino de Sahagún analemba mitundu yambiri imene Aaziteki ankagulitsa pamsika ndi kupereka kwa milungu yawo, ena a nyemba, ena a nkhukundembo, a nsomba, a achule, a zipatso. Koma anali olimba kusiyana ndi a lero. Nkhumba zitabwera, mafuta ake anasintha zonse. Wophika amapuntha mafutawo mpaka ayere ndi kufufuma, kenako amathira masa pang'onopang'ono pamodzi ndi mchere ndi msuzi wa nyama, n'kumapunthabe ndi dzanja mpaka phewa kuwawa. Kawirikawiri mafuta amakhala pafupifupi kota ya kulemera kwa masa. Pofuna kudziwa ngati zakwana, amatapa kachidutswa kakang'ono n'kukaponya m'kapu ya madzi ozizira. Kakayandama ndiye kuti mpweya walowa mokwanira ndipo tamal adzakhala wofewa. Kakamira, palibe kukambirana, dzanja libwerere m'beseni.

Za m'kati zimakonzedwa dzulo lake. Zofala kwambiri ndi ziwiri: nyama ya nkhumba mu msuzi wofiira wa tsabola wouma, monga guajillo ndi ancho, ndi nyama ya nkhuku mu msuzi wobiriwira wa tomatillo, kachipatso kokhala m'kathumba ngati jamu. Palinso a tchizi ndi timizere ta tsabola wa poblano kapena jalapeño, komanso otsekemera, amene amawapaka mtundu wa pinki n'kuikamo mphesa zouma kuti ana asawasokoneze ndi owawa. Tiyenera kunena pano kuti tsabola wa ku Mexico si wongowawa ngati kambuzi. Mitundu yambiri youma imanunkhira utsi, ina imakoma ngati chipatso chouma, ndipo wophika amaisakaniza pofuna kakomedwe osati ukali. Umboni wake ndi mole, msuzi wokhuthala umene umatha kukhala ndi zinthu zoposa 20: tsabola wamitundu itatu kapena inayi, chitowe, mtedza, zonunkhiritsa, buledi wouma ndi chokoleti pang'ono. Chilichonse chimakazingidwa pachokha chisanaperedwe, ndiye mole weniweni amadya masiku awiri kapena atatu. N'chifukwa chake amasungidwira ukwati, ubatizo ndi masiku akuluakulu.

Tsiku la tamalada likafika, makoko amakhala ataviikidwa m'madzi ofunda kuti afewe. Tebulo lalitali amalichotsa zonse, pakati n'kuikapo beseni la masa, ndipo aliyense amadziwa malo ake. Ena amapukuta makoko, ena amapaka masa ndi kumbuyo kwa supuni, wina amaika nyama, wina amapinda, ndipo wotsiriza amasanja. Kupaka ndi kumene kumaonetsa luso. Khoko lili ndi mbali yosalala ndi mbali ya mizere, ndipo masa ayenera kupita ku mbali yosalala, apo ayi adzakakamira. Akachuluka tamal amakhala mtanda wopanda ndiwo, akachepa nyama imatulukira kunja. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amayamba ndi kung'amba timizere ta makoko tomangira, akakula amaloledwa kupaka, ndipo zimatenga zaka kuti apatsidwe supuni ya nyama. Mchere ndi tsabola amalawa ndi agogo aakazi, abuela, ndipo mawu awo sabwezedwa. Mkamwini kapena mtengwa watsopano amayesedwa pomwepa: amamupatsa khoko ndi supuni, onse n'kukhala ngati sakumuona, chonsecho diso lili pa dzanja lake. Pakamwa napo sipapuma. Za amene akufunsira, za amene sanatumize ndalama, za malire a munda, za malemu agogo aamuna ndi mmene ankadyera tamales khumi pa nthawi imodzi, zonse zimatuluka manja ali pa ntchito. Maphikidwe ambiri a mabanja sanalembedwe paliponse, ndiye mtsikana amene wajomba masiku amenewa amadzapeza kuti palibe buku lomuuza kuti dzanja limodzi la mchere la agogo ake linali lalikulu bwanji.

Mphika wake ndi waukulu, wachitsulo, wokhala ndi chitsulo chobowolabowola chapansi cholekanitsa madzi ndi chakudya. Tamales amaimikidwa chilili, kukamwa kuli m'mwamba, osathinana kwambiri, pamwamba n'kufunditsa makoko otsala ndi nsalu. Pansi pa madzi amaponyamo ndalama yachitsulo. Madzi akamawira ndalamayo imalira kuti ngwe ngwe ngwe, ndipo ikangoti zii wophika amadziwa kuti madzi aphwa, athire ena otentha msanga zinthu zisanapserere. Kuphika kumatenga ola limodzi kapena awiri. Tamal wapsa ngati khoko likusupuka lokha osatenga ufa. Mphikawu uli ndi zikhulupiriro zake, monganso mphika wa thobwa kapena wa mowa kwathu kuno. Amati wophika akakwiya kapena anthu akakangana pafupi ndi moto, tamales amapsa mbali imodzi, ina n'kukhala yaiwisi, ndipo mankhwala ake ndi kuumenya mphikawo pang'ono kapena kuuvinira. Ambiri amadalitsa mphika ndi chizindikiro cha mtanda asanavundikire. Kaya munthu akhulupirire kaya ayi, lamulo loletsa mkangano m'nyumba yodzaza abale otopa ndi lanzeru ndithu.

Dziko la Mexico ndi lalikulu ndipo chigawo chilichonse chili ndi tamal wake. Ku Oaxaca ndi madera otentha a kum'mwera amakutira ndi masamba a nthochi owaula pamoto, m'kati muli mole wakuda, ndipo amene anadyapo mkate wa ufa ndi nthochi wokutidwa m'masamba akhoza kuzindikira fungo lake. Ku Michoacán kuli corundas, a makona atatu okutidwa ndi masamba aawisi a phesi la chimanga, ndi uchepos, opangidwa ndi chimanga chachiwisi. Ku Huasteca kuli zacahuil, tamal mmodzi wotalika kupitirira mita, wophikidwa mu uvuni wa nkhuni usiku wonse kuti adyetse khamu la anthu. Ku Yucatán, pa masiku okumbukira akufa kumayambiriro kwa Novembala, amaphika mucbipollo m'dzenje lokwiriridwa ndi dothi, ndipo gawo loyamba amaika pa guwa la m'nyumba pafupi ndi zithunzi za malemu, amoyo asanalawe. Onsewa chokutira sichidyedwa. Mu 1976 mtsogoleri wa dziko la United States, Gerald Ford, ali pa ulendo wokopa anthu ku San Antonio, analuma tamal ndi khoko lomwe, ndipo nkhaniyi anthu a ku Texas amaikambabe.

Nyengo ya madyerero imayamba pa 12 Disembala, tsiku la Maria Virigo wa ku Guadalupe, pamene anthu mamiliyoni amapita ku tchalitchi chake ku Mexico City. Kuyambira pa 16 mpaka pa 24 Disembala kumakhala posadas, mausiku asanu ndi anayi okumbukira Yosefe ndi Maria akufunafuna malo ogona ku Betelehemu. Mwambowu anauyambitsa ndi ansembe a chipani cha Augustino Woyera ku Acolman kumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Usiku uliwonse nyumba ina ndiyo imalandira. Alendo amaima panja ndi makandulo n'kumaimba kupempha malo, a m'nyumba n'kumayankha moimba kuti malo palibe, mpaka pa ndime yomaliza chitseko chimatsegulidwa. Ana amaswa piñata, mphika wokongoletsedwa wa nyanga zisanu ndi ziwiri zoimira machimo akuluakulu asanu ndi awiri, wodzaza zipatso, mtedza ndi maswiti. Akuluakulu amamwa ponche, chakumwa chotentha chowiritsa magwafa, timitengo ta nzimbe, sinamoni, shuga wabulauni wosayenga, kachipatso kachikasu kotchedwa tejocote ndi maluwa ofiira amene iwo amati jamaica, ife timati chidede. Ndi nyengo yozizira kumapiri a ku Mexico, choncho pambali pa tamal pamakhalanso atole, phala lamadzimadzi la masa, limene likathiridwa chokoleti limatchedwa champurrado.

Mgonero waukulu ndi wa usiku wa pa 24, Nochebuena, ndipo umadyedwa mochedwa, kawirikawiri anthu atabwera ku Misa. Pa tebulo limeneli tamales amakumana ndi zakudya zina zosonyeza kusakanikirana kwa mitundu. Pali bacalao, nsomba ya m'nyanja zozizira youmitsidwa ndi mchere, imene imaviikidwa tsiku lathunthu kapena awiri kuti mchere uchoke isanaphikidwe ndi tomato, mbatatesi ndi maolivi monga amachitira ku Spain. Pali romeritos, masamba ang'onoang'ono a m'munda ophikidwa mu mole pamodzi ndi timikate ta tizamoyo touma tam'madzi tam'gulu la nkhanu, totchedwa camarón, chakudya cha anthu a m'chigawo chapakati. Pali nkhukundembo, mbalame imene inayamba kuwetedwa ku Mexico komweko isanafike ku Ulaya. M'nyumba zina mumakhala pozole, msuzi wa njere zazikulu za nixtamal zowiritsidwa ndi nyama mpaka zitaphulika ngati maluwa. Tsiku la Khirisimasi lenilenilo palibe amene amaphika chatsopano. Banja limabweranso kudzadya recalentado, kutanthauza zotenthetsanso, mkute wa dzulo, ndipo ambiri amalumbira kuti umakoma kuposa dzulolo. Tamal wogona akamuwotcha pa chiwaya ndi khoko lake mpaka lide m'mbali, mfundo yawo imamveka.

Mu 2010 bungwe la UNESCO linaika maphikidwe amakolo a ku Mexico pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu onse, potengera chitsanzo cha ku Michoacán, mndandanda womwewo umene nsima ya ku Malawi inalowamo mu 2017. Ulemu wotere ndi wabwino, koma suyenera kubisa kuti mtolo wa mwambowu wakhala pa mitu ya amayi. Iwo ndiwo amadzuka usiku kukagayitsa, ndiwo amatsuka miphika alendo atapita. Masiku ano ambiri ali pa ntchito zolembedwa ndipo alibe masiku atatu opatula, choncho mabanja ochuluka amangogula kwa mayi wodziwika m'dera lawo amene amaphika zogulitsa, ndipo amaitanitsiratu masabata angapo Khirisimasi isanafike. Ku Mexico City tamal ndi kadzutsa wa tsiku ndi tsiku wa apantchito, wogulidwa pamsewu ataikidwa m'kati mwa banzi. Chodabwitsa n'chakuti kumene tamalada wagwira mwamphamvu ndi kumpoto kwa dzikolo ndi pakati pa mabanja a ku Mexico okhala ku Texas ndi ku California, kumene kusonkhana pa beseni la masa kwasanduka njira yophunzitsira ana obadwira kunja kuti kwawo n'kuti. Kumeneko amuna nawonso ayamba kugwira supuni, ngakhale kuti kulawa mchere sanapatsidwebe.

Madyerero sathera pa Khirisimasi. Pa 6 Januwale, tsiku lokumbukira anzeru a kum'mawa, banja kapena anthu a pa ofesi amadula rosca de reyes, buledi wozungulira ngati nkhata wokongoletsedwa ndi zipatso za shuga. M'kati mwake wophika amabisamo kachidole kakang'ono koimira khanda Yesu, kukumbukira mmene anamubisira kwa Herode. Aliyense amadzidulira yekha chidutswa, anzake akuyang'anitsitsa mpeni, chifukwa amene wapeza kachidoleko wapeza ngongole: ayenera kudyetsa onse amene analipo tamales ndi atole pa 2 Febuluwale, tsiku la Candelaria, pamene papita masiku 40 chibadwire Yesu ndipo mpingo umakumbukira kuperekedwa kwake ku kachisi. Nthabwala ya chaka ndi chaka ndi ya munthu amene amayesa kubisa kachidoleko m'tsaya kuti athawe udindo, ndipo ophika buledi ambiri anayamba kuikamo tingapo kuti ngongole igawike. Pa tsikulo mabanja amaveka chifanizo cha khanda Yesu zovala zatsopano n'kupita nacho kutchalitchi pamodzi ndi makandulo, ndipo m'midzi yambiri alimi amatenganso ngala za chimanga zimene asankha kuti zikhale mbewu, kuti wansembe azidalitse asanabzale. Akabwerako amapeza uja anapeza kachidole atatereka kale mphika, ndalama yachitsulo ikulira pansi pake.